Kadzenje Kachinayi pa Mbale ya Ababa

Veronika anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Kwawo kunali kwa Kadewere, ku Chiradzulu. Veronika ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti ababa ake asachoke.

Kuchoka kupita kuti? Dikirani, ndikuuzani. Koma tiyambe ndi mbale.

Ababa ake a Veronika anali a Christopher. Iwo ankasema mbale zamitengo. Zinali mbale zazikulu, zophwatalala. Ena ankaikamo nthochi. Ena ankaikamo mtedza. Ena ankangozikoleka pakhoma kuti alendo aziona.

Kutauni kuli makina ozungulitsa thabwa. Ababa analibe makinawo. Analibenso magetsi. Makina awo anali manja.

Ankakhoma msomali pakati pa thabwa. Ankamanga chingwe kumsomali. Kumapeto kwa chingwe ankamangako pensulo. Pensulo ija zunguliru! Basi, mbale yajambulidwa.

Kenako ankatenga kasemasema. Go! Go! Go!

Kenako ankatenga tchizulo. Kho! Kho! Kho!

Kenako ankapala ndi kagalasi ka botolo losweka. Kwee! Kwee! Mbale inkasalala ngati tsaya la khanda.

Koma ntchito yokoma inali yomalizira. Ababa ankakumba timaenje tinayi m'mphepete mwa mbale. M'kadzenje kalikonse ankalowetsamo kamtengo koyera. Mbale yofiirira, kamtengo koyera. Timitengoto tinkaoneka ngati nthanga za maungu. Choncho onse ankangoti nthanga.

Ababa ankaloza nthangazo ndi chala.

“Nthanga imodzi, munthu mmodzi,” ankatero. “Iyi ndine. Iyi ndi amayi ako. Iyi ndiwe, Vero. Iyi ndi Mikaele.”

Mikaele anali mlongo wake wa Veronika. Anali ndi zaka zisanu. Kamwana kochepa, koma phokoso lake, abale!

“Yanga ikhale yaikulu!” Mikaele ankakuwa.

“Yaikulu? Iwe ndi timiyendo takoto?” Veronika ankamuseka.

“Yanga ikhale yaikulu!” ankakuwanso.

Ababa ankangoseka. Nthanga zonse ankazisema zofanana.

Mikaele anali ndi nguli. Ababa ndiwo anamusemera. Inali ya mtengo wa gwafa, wolimba gwa! Pamwamba pake ababa analembapo M ndi msomali wamoto. Mikaele ankaikwapula ndi chingwe. Nguli inkazungulira, vuu! Mikaele ankadya ili m'manja. Ankasamba ili pambali.

Ndiye kunabwera mvula yaikulu ija. Inagwa tsiku loyamba. Inagwa tsiku lachiwiri. Inagwa tsiku lachitatu, osakata.

M'mawa wa tsiku lachitatulo, ana anakangana. Mikaele anataya madzi pa buku la Veronika. Veronika anapsa mtima. Anamulanda nguli. Anaibisa m'thumba la deresi lake.

“Ndipatse nguli yanga!” Mikaele analira.

“Ndaitaya kuseri!” Veronika ananama.

Kenako amayi anamuitana. “Vero, tiye tikapale moto kwa anzathu. Nkhuni zathu zanyowa.”

Veronika ndi amayi anatuluka. Ababa anali panja, akukumba ngalande. Mikaele anatsala pakhomo.

Mwadzidzidzi phiri linalira. Gududu! Gududu! Phiri linang'ambika. Madzi anatsika. Matope anatsika. Miyala yaikulu ngati nyumba inatsika.

“Napolo! Napolo!” anthu anakuwa.

Napolo anatenga nyumba. Anatenga mbuzi. Anatenga mtengo wa gwafa.

Anatenganso Mikaele.

Ababa anakumba matope masiku ambiri. Anakumba ndi khasu. Khasu litaguluka, anakumba ndi manja. Anapeza chitseko cha nyumba. Anapeza thumba la zida zawo. Mikaele sanamupeze.

Kalanga ine! Mwana analibe ngakhale manda.

Banja lija linamanga kanyumba kena, kutali ndi phiri. Koma m'kanyumbamo munali zii. Amayi ankalira polima. Ababa sankalira. Sankaseka. Sankasema. Ankangokhala pakhonde, maso kuphiri.

Nanga Veronika? Veronika anali ndi nguli. Anaikulunga m'kansanza. Anaibisa m'denga, pakati pa udzu. Sanauze amayi. Sanauze ababa. Ankaopa.

Miyezi inapita. Udzu unauma. Dzuwa linayamba kuotcha.

Tsiku lina m'mawa, Veronika anamva phokoso.

Go! Go! Go!

Anathamangira panja. Ababa akusema! Anali atadula thabwa la chitseko chija. Linali la mlombwa, lofiirira bwino.

“Amayi! Amayi! Ababa akusema!”

“Khala chete, iwe,” amayi ananong'ona. “Ungawadzidzimutse.” Koma nawonso ankamwetulira.

Ababa anasema masiku asanu. Go! Go! Go! Kho! Kho! Kho! Kwee! Kwee! Mbale inasalala. Ababa anakumba timaenje. Manja awo ankangoyenda okha. Anali atazolowera.

Kenako ababa anayamba kuika nthanga. Veronika anakhala pafupi.

“Iyi ndine,” ababa anatero. Nthanga inalowa.

“Iyi ndi amayi ako.” Nthanga inalowa.

“Iyi ndiwe, Vero.” Nthanga inalowa.

“Iyi ndi…”

Ababa anasiyira pomwepo. Anayang'ana mbale. Anayang'ana manja awo. Pakhomo panali anthu atatu. Koma manja anali atakumba timaenje tinayi.

Nthanga yachinayi inali m'dzanja lawo. Ababa anaiponya pamoto. Inapsa. Mbale anaikankhira pakona.

Kadzenje kachinayi kanatsala kukamwa yasa.

Lolemba, ababa anaitana amayi.

“Mayi a Vero, Loweruka ndikupita ku Joni.”

Amayi anagwetsa lichero. Nandolo anamwazika pansi.

“Bambo a Vero, mwatani kodi? Ku Joni mukatani?”

“Ndikafuna ntchito ina. Zosema ndasiya.”

“Nanga mbale ija?”

“Musonkhezere moto. Kadzenje kaja kamandiyang'ana. Ndikadzuka, kakundiyang'ana. Ndikamadya, kakundiyang'ana. Pano sindingakhale.”

Veronika anamva zonse. Anali kuseri kwa chitseko. Iye ankadziwa za ku Joni. Ku Joni ndi kutali. Ababa a mnzake Faida anapita kumeneko Faida akukwawa. Pano Faida ali Sitandade 3. Ababa ake sanabwerebe.

Veronika anayang'ana mbale pakona. Anayang'ana kadzenje.

“Ndiwe ukuthamangitsa ababa,” anakauza. “Ndikutseka. Uona!”

Lachiwiri, Veronika anathyola nthambi ya malaina. Mkati mwake munali moyera. Anatenga mpeni wa amayi. Anasema, anasema, anasema. Nthanga yake inali yokhota pang'ono. Komabe inalowa. Anaikhoma ndi mwala. Inagwira nga!

Veronika anavina yekha. Anaika mbale padzuwa kuseri kwa khola.

Lachitatu madzulo anapita kukaona. Ananyamula mbale. Nthanga ija inagwa, phu!

Aa! Inali itafota ngati therere louma.

Amayi anamupeza atagwira tsaya.

“Unasema mtengo wauwisi eti?” amayi anafunsa.

“Eya, amayi.”

“Mtengo wauwisi uli ndi madzi, mwanangu. Madzi akauma, mtengo umachepa. Ababa ako amaika wouma okhaokha.”

Masiku anatsala atatu.

Lachinayi, Veronika anafufuza pa mulu wa nkhuni. Anapeza kamtengo kouma gwa. Anasema, anasema, anasema. Zala zinachita matuza. Iye sanasiye. Nthanga inalowa. Anagwedeza mbale. Sinagwe! Anaitembenuza. Sinagwe!

Anathamanga nayo kukhonde.

“Ababa, taonani! Kadzenje katsekeka!”

Ababa anayang'ana mbale. Anayang'ana nthawi yaitali.

“Mtengo uwu wautenga kuti?” anafunsa.

“Pankhuni, ababa.”

Ababa anatenga tchizulo. Anazula nthanga ija. Anaiika m'dzanja la Veronika. Sanakalipe ayi. Mawu awo anali otsika.

“Wasema bwino, Vero. Koma awa si malo a nkhuni. Malo awa ali ndi mwini wake.”

Veronika anapita kuseri kwa khola. Analira. Analira mpaka mamina.

Malo awa ali ndi mwini wake.

Mawuwo anamutsatira kumjigo. Anamutsatira kusukulu. Aphunzitsi ankalemba pabolodi. Iye ankangomva mawu a ababa.

Malo awa ali ndi mwini wake.

Lachisanu masana, ali m'njira yochokera kusukulu, Veronika anaima chilili. Anakumbukira denga. Anakumbukira kansanza.

Nguli! Nguli inali youma. Nguli inali yoyera. Nguli inali ya mwini malo.

Koma mtima wake unagunda. Du! Du! Du! Ababa akaiona nguliyo, afunsa. Akafunsa, adziwa. Adziwa kuti iye analanda. Adziwa kuti iye ananama.

“Ndisema ndekha,” Veronika anaganiza. “Sadziwa kuti ndi nguli.”

Atafika kunyumba, anakwera pa mtondo. Anapisa dzanja m'denga. Anatulutsa kansanza. Nguli inali momwemo. M uja anali pomwepo.

Anatenga mpeni. Anakanikiza. Mpeni unaterereka. Anakanikizanso. Mpeni unatererekanso. Gwafa wouma si masewera, anzanga. Anakanikiza kachitatu ndi mphamvu zonse.

“Mayo!”

Mpeni unamucheka chala. Magazi anadontha. Nguli inangokhala ndi kachipsera kakang'ono.

Veronika anamanga chala ndi kansanza kaja. Yekha sakanatha. Amene akanatha anali mmodzi. Ndipo mmodziyo mawa ankachoka.

Loweruka linafika. Dzuwa linatuluka ngati masiku onse. Ababa anavala jekete. Anatenga chikwama. Amayi anawaikira mbatata zootcha m'pepala. Maso a amayi anali ofiira psuu.

Panja panaima bambo wakabaza. Anabwera kudzatenga ababa, kupita nawo kumsewu wa minibasi.

Ngiri! Ngiri! Belu la njinga linalira.

“Tsala bwino, Vero,” ababa anatero. “Uzimvera amayi ako.”

Veronika anatsekereza njira. Anaima pakhomo penipeni. Dzanja lina linagwira mbale. Dzanja lina linali kumbuyo.

“Tapatuka, mwanangu. Njinga ikudikira.”

Veronika sanapatuke. Anatulutsa dzanja lakumbuyo. Analitambasula.

Chikwama cha ababa chinagwa pansi, khu!

Amayi anagwira pakamwa.

“Nguli ya Mikaele!” amayi anatero. “Waipeza kuti?”

“Sindinaipeze,” Veronika anayankha. “Ndinamulanda.”

Ngiri! Ngiri!

“Ndinamulanda tsiku lomwe lija. Ndinamunamiza kuti ndaitaya kuseri. Analira, koma sindinamupatse. Mwina anapita kuseri kukaifuna. Mwina ndine, ababa. Mwina ndine ndinachititsa!”

Veronika analira mokweza. Misozi inagwera m'mbale.

Ababa anagwada pansi. Anamugwira mapewa onse awiri.

“Vero, tandiyang'ana. Miyezi yonseyi wasenza zimenezi wekha?”

“Eya, ababa.”

“Napolo anatenga kuseri. Anatenga khonde. Anatenga m'nyumba monse. Si iwe, mwanangu. Wamva? Si iwe.”

Veronika anagwedeza mutu movomera.

“Ine ndimati ndine,” ababa anapitiriza. “Ndine ndinamanga nyumba m'munsi mwa phiri. Ndine ndinali panja ndi khasu.”

“Inenso ndimati ndine,” amayi anatero. “Bwenzi nditamutenga kokapala moto.”

Onse atatu anayang'anana. Aliyense ankati ndine. Aliyense ankabisira mnzake.

Pamenepo ababa analira. Aka kanali koyamba. Analira ngati mwana. Amayi anawagwira. Veronika anagwira onse awiri.

Atatonthola, Veronika anapukuta mphuno.

“Ababa, ndikufuna kumubwezera nguli yake. Koma sindikudziwa kumene ali. Malo ake ndi awa okha.”

Analoza kadzenje kachinayi.

“Ndayesa kusema. Yandikanika. Ndithandizeni.”

Ababa anayang'ana chala chomanga chija. Anayang'ana nguli. Anayang'ana kadzenje.

Ngiri! Ngiri! Ngiri!

“Akulu, dzuwa likukwera!” wakabaza anaitana.

Ababa anaimirira. Anavula jekete.

“Achimwene, pepani, ndakutayitsani nthawi. Ulendo palibe lero.”

“Ndibwere mawa?”

“Mawanso palibe.”

Amayi anapatsa wakabaza mbatata zija. Iye anathokoza, n'kupalasa njinga yake.

Ababa anatsegula thumba la zida. Anatulutsa kasowo kakang'ono.

“Gwira apa, Vero. Gwiritsitsa.”

Veronika anagwira nguli. Ababa anacheka pamwamba pake. Kwe, kwe, kwe. Anacheka pang'onopang'ono. Kachidutswa kanagwera m'dzanja la Veronika. Kanali kozungulira. M uja anali pakati.

Ababa anakayesa pakadzenje. Sikanalowe. Kanali kakakulu.

“Tikachepetse,” ababa anatero. Anatenga tchizulo.

Veronika anawagwira dzanja.

“Ayi, ababa! Musakachepetse.”

“Nanga kalowa bwanji?”

“Kulitsani kadzenje. Mwaiwala? Paja ankati yake ikhale yaikulu.”

Ababa anaika tchizulo pansi. Kenako pakamwa pawo panagwedera. Kenako anaseka! Anaseka misozi ili m'masaya.

“Yanga ikhale yaikulu!” amayi anakuwa ndi mawu a Mikaele.

“Ndi timiyendo take tija!” Veronika anatero. Ankaseka, ankaliranso. Zonse pamodzi.

Ababa anaika kachidutswa pambale. Veronika anajambula m'mbali mwake ndi pensulo. Ababa anakumba motsata mzere.

Kho! Kho! Kho!

Anayesa. Sikanalowe.

Kho! Kho!

Anayesanso. Kanatsala pang'ono.

Kho!

Ababa anapaka guluu m'kadzenje. Anapereka kachidutswa kwa Veronika.

“Unalanda ndiwe,” anatero. “Ubweze ndiwe.”

Veronika anakaika pamalo pake. Anakanikiza ndi chala chabwino. Ababa anagogoda ndi kathabwa. Kanalowa. Kanagwira nga!

“Landira nguli yako, Mikaele,” Veronika ananong'ona. “Pepa.”

Guluu atauma, ababa anapala ndi kagalasi. Kwee! Kwee! Anapala mosamala kuti M asafufutike. Amayi anabweretsa mafuta ophikira pakansalu. Veronika anapaka mbale yonse. Mlombwa unawala. Nthanga zinawala.

Veronika anagwedeza mbale. Palibe chinagwa. Anaitembenuza. Palibe chinagwa.

Masana amayi anakazinga mtedza. Anauthira m'mbale yatsopano. Onse atatu anakhala pamkeka. Chikwama cha ababa chinali pakona, chopanda kanthu. Zovala zinali zitabwerera pachingwe.

Anadya mtedza. Anadya mpaka mbale inayera.

“Ababa, mawa musema ina?” Veronika anafunsa.

“Mawa ndi Lamulungu, iwe. Lolemba.”

“Mukumba timaenje tingati?”

Ababa anayang'ana manja awo.

“Tinayi,” anatero. “Manja awa sanalakwe.”

Kenako anaika chala m'mphepete mwa mbale.

“Iyi ndine,” ababa anatero.

“Iyi ndine,” amayi anatero.

“Iyi ndine,” Veronika anatero.

Zala zitatu zinakumana pa nthanga yachinayi.

“Iyi ndi Mikaele,” onse ananena pamodzi.

Ndipo yake inali yaikulu.